Chili Pati, Nanga N'chifukwa Chiyani Chili Pamenepo?

Aphunzitsi anzanga, ena mwa inu mukuwerenga izi muli ku Chipata, ena ku Angónia, ena ku Mchinji, ndipo ena muli ku Harare kapena ku Johannesburg, kumene mukuphunzitsa zidzukulu za anthu amene anachoka kwawo kalekale. Tonsefe tikumvana m'chiyankhulo chimodzi ngakhale ziphaso zathu ndi za mayiko osiyana. Zimenezi zili ndi magwero ake. Pali mitsinje, migodi, njanji, nkhondo ndi malire zimene zinatimwaza chonchi, ndipo phunziro limene limalondola zinthu zoterezi ndi jogalafe.

Ine ntchito yanga ndi ya ziyankhulo. Koma m'chaka changa choyamba ku yunivesite, pamene tinkafunika kusankha maphunziro oonjezera, ndinatenga jogalafe. Inali m'zigawo zitatu: ya anthu, ya chilengedwe ndi ya chuma. Mphunzitsi wathu ankabwereza mafunso atatu mpaka anatikhazikika m'mutu: chinthuchi chili pati, n'chifukwa chiyani chili pamenepo osati kwina, nanga kukhala kwake pamenepo kukukhudza yani? Padutsa zaka zoposa 20, koma mafunsowa ndimayenda nawobe.

Ndikufuna ndikufotokozereni zimene zimaphunziridwa m'chaka chimenechi pa zifukwa ziwiri. Choyamba, ena mwa inu mukupitiriza maphunziro ndipo mudzakumana nazo. Chachiwiri, ena mwa ophunzira anu adzakafika kumeneko, ndipo luso la kuwerenga ndi kulemba limene adzapite nalo ndi limene inu mukuwapatsa lero.

Mapu sanena zonse

Sabata zoyambirira zinali za mapu. Ku sekondale mapu tinkangowaloweza: uwu ndi mtsinje wakuti, ili ndi phiri lakuti. Ku yunivesite tinaphunzira kuti mapu amajambulidwa ndi munthu, ndipo munthuyo amasankha choika ndi chosiya. Dziko ndi lobulungira ngati lalanje, choncho kuti ulijambule papepala uyenera kukoka mbali zina. Mapu amene Gerardus Mercator anatulutsa mu 1569 anawakonzera oyendetsa zombo, ndipo pa ntchito imeneyo ndi abwino. Koma amakulitsa mayiko a kufupi ndi nsonga za dziko, moti Greenland amaoneka ngati akulingana ndi Africa, chonsecho Africa ndi wamkulu kuwirikiza pafupifupi ka 14. Mapu a mtundu umenewu anapachikidwa m'makalasi ambiri amene ife tinaphunziramo.

Kenako inabwera nkhani ya sikelo. Chinthu chikhoza kukhala choona ukayang'ana dziko lonse, n'kukhala chabodza ukayang'ana mudzi umodzi. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a Malawi ndi madzi, ndiye tikhoza kunena kuti ndi dziko lolemera madzi. Koma mukanene mawu amenewa kwa mayi amene amalawira m'bandakucha kukaima pamzere pa mjigo m'mwezi wa Okutobala, mudzamva yankho lake. Nthawi zonse wophunzira jogalafe amafunsa kuti: chiwerengero ichi chikunena za dera lalikulu bwanji, ndipo chabisa ndani?

Malire nawo tinawaona mwatsopano. Amene munadutsapo pa Lizulu, pa msewu wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu, mukudziwa kuti mbali imodzi ya msewu ndi Malawi, inayo ndi Mozambique. Pa mapu mzerewo ndi wakuda bii. Pansi pali msika umodzi, mbatata imodzimodzi, maukwati ndi maliro a anthu amodzimodzi. Mwana wa mbali iyi akalowa m'kalasi amakumana ndi Chingerezi, mnzake wa mbali inayo amakumana ndi Chipwitikizi, koma madzulo amasewera mpira umodzi. Chaka chilichonse mu Ogasiti, Achewa a m'mayiko atatu amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Mapu a ndale saonetsa zimenezi.

Anthu: kuchuluka ndi kusamuka

Jogalafe ya anthu inayamba ndi manambala. Nthawi imeneyo kalembera watsopano wa ku Malawi anali wa 1998, amene anapeza anthu 9.9 miliyoni. Wa 1966 anali atapeza anthu 4 miliyoni. Wa 2018 anadzapeza 17.5 miliyoni. Tinaphunzira kasamu kosavuta: mukagawa 70 ndi mlingo umene anthu akuchulukira pachaka, mumapeza zaka zimene chiwerengero chidzawirikize kawiri. Ngati pa anthu 100 alionse pakuonjezekera pafupifupi atatu pachaka, ndiye kuti zaka 25 zisanakwane anthu awirikiza. Inu amene mumaphunzitsa kalasi yodzaza mpaka pakhomo, kasamu kameneka mumakaona ndi maso.

Koma nambala payokha sinena zambiri. Zambia, malinga ndi kalembera wa 2022, ili ndi anthu 19.6 miliyoni, osasiyana kwenikweni ndi Malawi, koma dziko lake ndi lalikulu kuwirikiza kasanu ndi kamodzi. N'chifukwa chake nkhani ya kuchepa kwa malo olima imamveka mosiyana ku Thyolo ndi ku Petauke, ngakhale anthu akuikamba m'chiyankhulo chimodzi.

Apa m'pamene tinakumana koyamba ndi akatswiri awiri otsutsana. Thomas Malthus analemba mu 1798 kuti anthu amachulukana mofulumira kuposa chakudya, ndipo mapeto ake ndi njala ndi matenda. Ester Boserup, mayi wa ku Denmark, analemba mu 1965 kuti kuchuluka kwa anthu kumawakakamiza kupeza njira zokololera zambiri pa malo ochepa: kuthira manyowa, kulima kawiri pachaka, kuthirira. Ife tinkayembekeza kuti atiuza wolondola. M'malo mwake anatipatsa funso: kumudzi kwanu, zimene zikuchitika zikugwirizana ndi ndani? Wina anatchula madimba amene afalikira m'madambo kwawo, nati Boserup. Wina anatchula minda imene yagawidwa mpaka kutsala kachigamba, nati Malthus. Onse anali ndi umboni, ndipo phunziro linali pomwepo: maganizo a katswiri ndi chida choyesera, ndipo umayenera kunena pamene chikugwira ndi pamene chikulephera.

Mutu wa kusamuka ndi umene unandikhudza kwambiri, chifukwa pafupifupi aliyense m'kalasimo anali ndi mbale amene anapita. Mabuku amati pali zinthu zimene zimakankha munthu kuchoka kwawo ndi zina zimene zimamukoka kumene akupita. Kwathu kuno zokankha zinali msonkho wa atsamunda ndi kusowa kwa ntchito, zokoka zinali migodi ya golide ya ku Johannesburg, mafamu ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, ndi migodi ya kopa ya ku Kitwe ndi Chingola. Mawu akuti Wenela, Theba ndi Mthandizi analowa m'chiyankhulo chathu kudzera m'maulendo amenewa, pamodzi ndi liwu lowawa lija lakuti matchona. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo boma la Dr Banda linaimitsa kulemba anthu opita ku migodi. Kenako mphepo inatembenuka: pa nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, Malawi analandira anthu othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi. Mphunzitsi wa ku Harare amene ali ndi mwana wa dzina lakuti Phiri kapena Banda m'kaundula wake, akuyang'ana jogalafe imeneyi m'maso.

Chilengedwe: madzi alibe chiphaso

Mu jogalafe ya chilengedwe tinaphunzira kuganiza motsata madzi. Dontho lililonse la mvula limagwera m'dera limene mitsinje yake imathira pamalo amodzi, ndipo chochitika kumtunda chimamveka kumunsi. Nyanja ya Malawi ili ndi potulukira pamodzi pokha, mtsinje wa Shire, umene umakathira mu Zambezi m'dziko la Mozambique. Pa Shire pomwepo pali Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene kumachokera magetsi ambiri a Malawi. Munthu akadula mitengo m'phiri ku Neno kapena ku Balaka, dothi limakokoloka, limadzaza madamu, ndipo makina opangira magetsi amavutika. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mphamvu pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Amene muli ku Zambia ndi ku Zimbabwe mukukumbukira mdima wa 2024, madzi ataphwa ku Kariba chifukwa cha chilala. Damu la Kariba lomwelo, limene linamalizidwa mu 1959, linasamutsa Atonga pafupifupi 57,000 m'chigwa cha makolo awo. Funso lachitatu lija, lakuti zikukhudza yani, limabwera apa ndi mphamvu.

Ulendo wathu wokaphunzira kunja kwa kalasi unali wa ku nyanja ya Chilwa. Nyanjayi ndi yosaya ndipo ilibe potulukira. Imalandira madzi kuchokera m'mitsinje ngati Likangala, Domasi ndi Phalombe, ndipo amachoka pouma ndi dzuwa basi, n'chifukwa chake ndi amchere. Inaumapo mu 1968 ndi mu 1995. Asodzi amene tinacheza nawo anatifotokozera mmene anayendera pansi kupita ku chilumba cha Chisi, mmene matemba anasowera m'misika, ndi mmene nsomba zinabwererera madzi atadzaza, kuchokera m'maiwe a m'mitsinje mmene zinabisala. Zambiri zimene zinali m'zolemba zathu iwo ankazidziwa kale, ndipo ankazinena mwadongosolo lawolawo.

Phunziro limene ndimaliona kuti ndi lalikulu pa onse ndi kusiyanitsa choopsa chachilengedwe ndi ngozi. Mvula yamphamvu ikagwa paphiri popanda anthu, palibe ngozi. Imasanduka ngozi ikapeza nyumba m'njira ya madzi. Makolo athu ankati wadutsa napolo, chinjoka chimene chimachoka kuphiri kupita kunyanja. Anatero ku Zomba mu 1946, anateronso ku Phalombe mu 1991. Wophunzira jogalafe amafotokoza kuti dothi la paphiri likakhuta madzi limaguluka n'kutsetsereka pamodzi ndi miyala ndi mitengo. Koma nkhani ya napolo imasunga chinthu chofunika: imakumbukira njira imene madziwo anadutsa. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy atafika, matope anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre. Funso la jogalafe silithera pa kuchuluka kwa mvula. Limafunsanso kuti: n'chifukwa chiyani anthu anamanga pamenepo? Yankho lake limakhudza mtengo wa malo m'tauni, lendi, ndi mtunda wopita kumene kuli ntchito. Zigawo zitatu zija za phunziroli zimakumana pa khomo la nyumba imodzi.

Chuma: mtunda umadya ndalama

Jogalafe ya chuma inayamba ndi mlimi wa ku Germany, Johann Heinrich von Thünen, amene mu 1826 anaonetsa kuti zimene mlimi amalima zimadalira kutalika kwa ulendo wopita kumsika. Zoonongeka msanga, monga mkaka ndi masamba, zimalimidwa pafupi ndi mzinda. Kenako nkhuni, chifukwa n'zolemera. Kenako mbewu zosungika. Kutali kwenikweni n'kwa ziweto, zimene zimayenda zokha. Tinayesa maganizo amenewa pa mizinda yathu. Makala obwera pa njinga m'bandakucha anagwirizana nawo ndithu. Koma tomato ndi kabichi wa ku Ntcheu amafika ku Blantyre ndi ku Lilongwe kuchokera kutali, chifukwa kumeneko n'kozizira ndipo msewu wa tala uli pafupi. Tinaona kuti mlimi amene ali makilomita 100 kuchokera mumzinda koma ali m'mbali mwa tala, msika ali nawo pafupi kuposa mnzake wa makilomita 20 amene mlatho wa kwawo unakokoloka.

Mfundo yomweyi imagwira dziko lonse. Malawi, Zambia ndi Zimbabwe alibe gombe la nyanja yamchere. Mafuta a galimoto ndi feteleza zimadutsa m'dziko la eni, kuchokera ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, ndipo kilomita iliyonse imalowa mu mtengo wa thumba limene mlimi amagula. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo itatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, katundu wa Malawi ankazungulira maulendo ataliatali, zinthu n'kukwera mtengo. Zambia inakumana ndi vuto lofanana azungu a ku Rhodesia atadzilengeza okha kuti ndi odziyimira mu 1965; yankho lake linali njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kuchokera ku Kapiri Mposhi kufika ku Dar es Salaam, imene inamangidwa ndi thandizo la China n'kumalizidwa mu 1975. Masiku ano malasha a ku Moatize amadutsa m'Malawi pa njanji kupita ku Nacala, chifukwa imeneyo ndiyo njira yachidule pakati pa mbali ziwiri za Mozambique.

Tinawerenganso Garrett Hardin, amene mu 1968 anati chinthu cha anthu onse, monga busa kapena nyanja, chimatha chifukwa aliyense amatengako mopyola muyeso. Elinor Ostrom anasonkhanitsa umboni wakuti m'madera ambiri anthu amadziikira okha malamulo n'kuwasunga, ndipo mu 2009 anakhala mayi woyamba kulandira mphoto ya Nobel pa za chuma. Umboni wotere tili nawo pafupi. Pa chilumba cha Mbenje m'boma la Salima, mfumu yaikulu Makanjira ndi anthu ake akhala akutseka usodzi nthawi ya dzinja kwa zaka zambiri kuti nsomba ziswane, ndipo mowa suloledwa pachilumbapo.

Pamene chiyankhulo chimapinga

Anzanga ambiri amene anavutika ndi phunziroli sanali osadziwa dziko. Ena anakulira m'madimba, ena m'mabwato. Chimene chinkawapinga chinali chiyankhulo, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi ikufika pakhomo panu.

Taonani liwu lakuti nyengo. Ife timaligwiritsa ntchito ponena za mmene kunja kwachera lero, za dzinja ndi chilimwe, komanso za mmene mvula ndi kutentha zimakhalira m'dera pa zaka makumi angapo. Chingerezi chimasiyanitsa zitatuzi ndi mawu akuti weather, season ndi climate. Mwana akamva zakuti kusintha kwa nyengo, akhoza kuganiza za kuchoka m'dzinja kulowa m'masika, chinthu chimene sichidabwitsa aliyense. Liwu lakuti dziko nalo limanyamula katundu wambiri: Malawi ndi dziko, mpira wonse umene tikukhalapowu ndi dzikonso. Mphunzitsi amene amaima pa mawu oterewa, n'kupempha ophunzira kuti apange ziganizo zoonetsa tanthauzo lililonse, wawachotsera chipika chimene ambiri amapunthwapo.

Mbali inanso, chiyankhulo chathu chimasiyanitsa zinthu zimene Chingerezi chimaziphatikiza. Munda, dimba, tsala ndi mphanje ndi malo olima anayi osiyana. Chizimalupsa si mvumbi. Msodzi amadziwa mwera, mpoto, vuma ndi zambwe, ndipo amadziwa imene ingamugudubuzire bwato. Liwu lakuti dambo linalowa m'mabuku a sayansi a Chingerezi mmene lililimu, monganso miombo, chitemene cha Abemba, ndi chiperoni, mphepo yozizira ya mawawa imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Mwambi wakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto umamveka chifukwa aliyense amadziwa kuti dambo limasunga chinyontho pamene tchire lonse lauma. Mwana amene amabwera ndi mawu amenewa wabwera ndi chuma, ndipo ayenera kumva zimenezi kuchokera kwa mphunzitsi wake.

Palinso kalembedwe ka mabuku a maphunziro apamwamba, kamene kamakonda kusandutsa zochita kukhala mayina. Buku limati kutha kwa nkhalango, kukokoloka kwa nthaka, kukula kwa mizinda. M'mawu amenewa wochita wasowa. Phunzitsani ana kubwezeretsa mneni ndi mwininkhani: ndani akudula mitengo, akugulitsa kwa yani, wogulayo alibe magetsi chifukwa chiyani? Akatero, ndime yovuta ija imamasuka, ndipo amayamba kuona kuti wootcha makala kumudzi ndi wophika m'tauni ali pa chingwe chimodzi.

Chomaliza ndi mafunso a mayeso. Kufotokoza mmene chinthu chilili, kupereka zifukwa zake, kuyerekeza zinthu ziwiri, ndi kuunika maganizo a katswiri ndi ntchito zinayi zosiyana. Ophunzira ambiri amayankha zonse ndi njira imodzi, kukhuthula zimene analoweza. Luso lolemba ndime imene ili ndi mfundo, umboni ndi chigamulo limaphunziridwa m'kalasi ya chiyankhulo, ndipo likakhazikika m'Chichewa kapena m'Chinyanja limawolokera mosavuta ku Chingerezi kapena ku Chipwitikizi. Chimodzimodzinso kuwerenga tebulo la manambala n'kulifotokoza m'ziganizo zitatu zomveka.

Simufunika zipangizo zodula kuti muyambe. Pemphani ophunzira ajambule njira yochokera kunyumba kufika kusukulu, aike dzina la khwawa, chulu, chigayo ndi manda, kenako alembe ndime yofotokoza chifukwa chake msika uli pamene ulipo. Atumeni kwa agogo akafunse kumene madzi anafika pa chigumula chachikulu chimene akukumbukira, ndi kumene mbale wawo woyamba kutuluka m'mudzi anapita. Inu amene muli mbali ziwiri za malire, tumiziranani zimene ana alemba, aone kuti mtsinje wa kwawo uli ndi anthu ena kumtunda ndi kumunsi. Pakati pa ana amenewa pali amene mawa adzagawe mapuloti m'munsi mwa phiri, adzasankhe podutsa msewu, kapena adzalembe chenjezo la namondwe limene lidzawerengedwe pa wailesi. Chenjezolo lidzapulumutsa anthu ngati lidzalembedwe m'mawu amene mayi wa ku Nsanje, wa ku Mutarara kapena wa ku Chimanimani angamve n'kunyamula ana ake nthawi ikadalipo.